Momwe mungapindulire ndi uphungu wa pa intaneti

Munthu akapita kukaonana ndi mlangizi wa zamaganizo maso ndi maso, amapeza zina zokonzedwa kale: chipinda chotseka, mpando, bata, ngakhalenso ulendo wopita ndi wobwerera umene umapatsa mtima mpata wokhazikika. Uphungu ukakhala wa pa foni kapena pa kompyuta, zonsezi zimatsalira inu. Chiyambire mliri wa COVID-19 mu 2020, alangizi ambiri padziko lonse anayamba kuthandiza anthu pa vidiyo, ndipo kafukufuku wakhala akusonyeza kuti pa mavuto a nkhawa ndi kuvutika maganizo, thandizo lotereli limatha kugwira ntchito ngati la pamaso. Koma sizingochitika zokha. Nazi zoyenera kuchita, kuyambira musanayambe n'komwe.

Yambani ndi kufunsa mlangiziyo mafunso

Pa intaneti aliyense angathe kudzitcha katswiri wa zamaganizo. Chithunzi chabwino ndi otsatira ambiri pa Facebook si satifiketi. Funsani kuti anaphunzira chiyani, analembetsa ku bungwe liti loyang'anira ntchito yake m'dziko limene ali, komanso ngati anathandizapo anthu a vuto longa lanu. Mlangizi weniweni sakhumudwa ndi mafunso otere. Dziwaninso kuti alangizi ambiri sapereka mankhwala. Ngati mankhwala angafunike, imeneyo ndi ntchito ya dokotala.

Funso lina limene ambiri amaliiwala ndi la chinsinsi. Zimene mukambirana zimayenera kukhala za awirinu, koma pali malire: ngati moyo wanu kapena wa munthu wina uli pangozi, kapena mwana akuchitiridwa nkhanza, mlangizi angafunike kuuza ena. Akufotokozereni malirewo tsiku loyamba, ndipo anene ngati zokambiranazo zimajambulidwa. Mugwirizanenso kuti netiweki ikaduka, adzaimbira mnzake ndani, ndipo pa nambala iti.

Pezani malo oti mungalirepo popanda kuyang'ana kuchitseko

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mukamalankhula khutu lili kukhoma, mumasefa mawu osazindikira. Mumati "kunyumba kuli timavuto" m'malo motchula chimene chinachitika, ndipo mlangizi amathera ola lonse pa timavutoto. Choncho musanasankhe tsiku, sankhani kaye malo, kenako nthawi imene malowo amakhala opanda anthu.

Mahedifoni amathandiza theka chabe: obisala kuseri samva mawu a mlangizi, koma anu amawamva. Wailesi yoyatsidwa chapansipansi kunja kwa chitseko imaphimba mawu kuposa mmene mungaganizire. A m'nyumba simukuyenera kuwafotokozera zonse. Kungowauza kuti "ndili ndi foni yofunika, musandigogodere kwa ola limodzi" n'kokwanira. Ena amakhala m'galimoto yoimikidwa pamalo achete, ndipo palibe cholakwika, bola isakhale ikuyenda. Pabedi, ngati n'kotheka, pewani. Pamalo pamene mwakumba zowawa masana, usiku tulo timavuta kubwerapo.

Ngati munthu amene mukumudandaulayo mumakhala naye nyumba imodzi, makamaka ngati amakuchitirani nkhanza, muuzeni mlangizi pachiyambi pomwe. Mugwirizane liwu loti mukalitchula adziwe kuti wina walowa, asinthe nkhani. Foni kapena kompyuta yobwerekana muzituluka mu akaunti yanu mukamaliza, ndipo mauthenga a mlangizi asamaonekere pa sikirini yotseka.

Za zipangizo, mwachidule

Batire likhale lodzaza, chaja pafupi. Foni muitsamiritse pa chinthu kuti kamera ikhale molingana ndi maso anu. Kuigwira m'manja kwa mphindi 50 kumatopetsa, ndipo mlangizi amangoona denga ndi chibwano. Kuwala kuchokere kutsogolo kwanu, osati kumbuyo. Tsekani mauthenga onse olowa. Vidiyo ya anthu awiri pa pulogalamu ya Zoom imadya deta yosachepera theka la gigabayiti pa ola, pomwe mawu okha amadya yochepa kwambiri, ndiye netiweki ikamavuta zimitsani kamera m'malo momangofunsana kuti "mukundimva?" Kachithunzi kanu komwe kamaoneka pakona kabiseni. Munthu sangafotokoze chisoni chake bwinobwino uku akudziyang'ana mmene akuonekera polira.

Mphindi khumi musanalowe, ndi mphindi zisanu zoyamba

Musachoke pa ntchito kapena pa mkangano n'kudina linki nthawi yomweyo. Khalani pansi mphindi khumi, madzi akumwa ndi kansalu kopukutira misozi pambali, mulembe papepala zinthu ziwiri kapena zitatu zimene zakuvutani sabata imeneyo. Kenako chongani chimene simukufuna kuchinena. Chimenecho ndiye choyambira.

Nthawi yokumana nthawi zambiri imakhala mphindi 45 mpaka 60, ndipo alangizi amachidziwa bwino chizolowezi cha anthu chotaya mphindi 40 pa nkhani zopepuka, n'kudzaponya nkhani yaikulu potsanzika. Pa intaneti chizolowezichi chimapweteka kwambiri, chifukwa batani lofiira lodulira foni likangodinidwa mumatsala nokhanokha ndi chilonda chimene mwangochitsegula. Ngati mawu akukanika kutuluka, nenani zomwezo: "Pali nkhani imene ndikuopa kuiyamba." Mlangizi wodziwa ntchito adzakuthandizani kufikapo pang'onopang'ono. Ena zimawapepukira kuilemba nkhaniyo pa malo olemberana mauthenga, kapena kuwerenga zimene analemba kale.

Nenani zimene kamera sikuonetsa

M'chipinda, mlangizi amaona mwendo ukunjenjemera, manja akufinyana, mpweya ukubanika. Pa sikirini amangoona nkhope ndi mapewa, ndipo pa foni ya mawu okha saona chilichonse. Ndiye muzimuuza: "Pamene mwatchula bambo anga, pachifuwa pandithina." Mawu ngati amenewa amamupatsa pogwira kuposa nkhani yaitali yokonzedwa bwino.

Mukakhala chete nonse, musathamangire kudzaza mpatawo. Pa vidiyo kukhala chete kumamveka ngati netiweki yaduka, koma nthawi zambiri m'pamene maganizo enieni amatulukira. Mungoti, "ndilipo, ndikuganiza."

Ndipo musaope kutsutsa. Mu 1979 katswiri wa zamaganizo Edward Bordin anafotokoza kuti ubale wa mlangizi ndi wothandizidwa umayima pa zinthu zitatu: kugwirizana pa cholinga, kugwirizana pa zochita kuti mufikepo, ndi kukhulupirirana. Kafukufuku wa zaka zambiri wasonyeza kuti ubale umenewu ukalimba, anthu amapindula kwambiri. Kuvomera chilichonse chifukwa cha ulemu kumawononga zonse zitatu. Akakumvani molakwa, muwongoleni. Akanena mawu amene akulasani, muuzeni tsiku lomwelo kapena ulendo wotsatira. Ine ndimaona kuti munthu amene watha kuuza mlangizi wake kuti "apa simunandimvetse" wayamba kale kuchira penapake, chifukwa ambiri chimene chinawabweretsa n'kulephera kunena mawu otere kwa anthu ena.

Mukatseka foni, ntchito siinathe

Dzipatseni mphindi zina khumi musanatsegule chitseko. Sambani kumaso, yendani pang'ono, lembani mizere iwiri: chimene chakukhudzani, ndi chimene muyese kuchita sabata ino. Kope la pepala losungidwa pobisika limaposa kudalira mutu. Pofika tsiku lachitatu zambiri zimakhala zitauluka.

Sabata ili ndi maola 168, ndipo mlangizi mumakhala naye ola limodzi lokha. N'chifukwa chake njira monga CBT (uphungu wothandiza kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe ka zinthu), imene dokotala wa zamaganizo Aaron Beck anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1960, imadalira kwambiri ntchito yochita panokha: kulemba maganizo amene amakubwererani mantha akakugwirani, kuwayesa ngati alidi oona, kapena kuchita kanthu kakang'ono kamene mwakhala mukukapewa. Mukalephera kuichita, musajombe chifukwa cha manyazi. Chimene chinakulepheretsanicho ndi nkhani yabwino yokambirana.

Kuti mudziwe ngati zikuyenda, pemphani kuti muziyeza. Alangizi ambiri amagwiritsa ntchito PHQ-9, mafunso 9 okhudza kuvutika maganizo m'masabata awiri apitawo, kapena GAD-7, mafunso 7 okhudza nkhawa. Kuyankha kumatenga mphindi zochepa, ndipo manambala ochokera ku mayankho anu akamatsika kapena kukwera mumakhala ndi poyambira kukambirana. Musadabwe ngati masabata oyamba mukumva kulemedwa kuposa kale; kukhudza zinthu zimene munazikwirira kumatero. Koma mukakumana kangapo n'kuona kuti simukumvedwa, mwanena koma palibe chasintha, muli ndi ufulu wopempha njira ina, wosintha mlangizi, kapena wofuna kuonana ndi wina pamaso. Mlangizi amene amayankha mauthenga ena muli mkati molankhula, amene amachedwa nthawi zonse, kapena amene wayamba kukufunani chibwenzi kapena kukubwerekani ndalama, musiyeni osazengereza.

Pamene intaneti siyokwanira

Uphungu wa pa intaneti si wa ngozi yadzidzidzi. Mlangizi ali kutali, ndiye nthawi iliyonse mukayamba adziwe kumene muli, ndipo akhale ndi nambala ya munthu mmodzi amene mumamukhulupirira. Ngati mukuganiza zodzipha kapena zovulaza wina, ngati mwayamba kumva mawu amene ena sakuwamva, kapena mwakhala masiku osadya osagona, musadikire tsiku limene munapangana. Uzani munthu amene ali pafupi nanu, imbani nambala ya zangozi ya kumene muli, kapena pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mlangizi wanu mudzamudziwitsa mukafika kumeneko.