Musanakumbe dzenje la mlongoti, yenderani malowo mu June

Makomiti ambiri a kumidzi akamva kuti kukubwera magetsi a dzuwa amathamangira kuloza malo omwe palibe akuwafuna: m'dambo, kuseri kwa phiri, mwina pafupi ndi manda. Alangizife timakana, chifukwa mapanelo akakhazikika kuwasuntha ndi ndalama zina.

Yambani ndi mthunzi. Kuno ku Malawi mapanelo amayang'ana kumpoto, atapendekeka pang'ono, madigiri pafupifupi 15. Malo akhoza kuoneka a mbee mu October, dzuwa likudutsa pamutu, koma mu June ndi July limatsikira kumpoto ndipo mithunzi imatalika. Pitani miyezi imeneyi, m'mawa cha m'ma 9 koloko ndi masana cha m'ma 3 koloko, mukhome zikhomo pamene pathera mthunzi wa mtengo wa mango kapena wa tchalitchi. Mthunzi wa nthambi imodzi pa panelo imodzi umafooketsa mzere wonse wolumikizidwa pamodzi. Ku Thyolo ndi Mulanje kumbukiraninso chiperoni: masiku angapo dzuwa osaoneka, ndiye mabatire akhale okulirapo.

Nthaka ya makande imang'aluka m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja, moti mizati imapendama. Funsani agogo kuti madzi osefukira anafika pati. Iwo amadziwa kuposa mapu. Malo akhalenso pafupi ndi chigayo, sukulu ndi chipatala, poti mawaya akatalika magetsi amatayika m'njira, akuba nawo amapeza mpata.

Za magetsi a mphepo ndiye musapupulume. Mwera ukawomba kunyanja aliyense amati pano mphepo ndi yambiri, koma mwera ndi wa miyezi yozizira. Nanga February? Mphepo imayezedwa chaka chathunthu ndi kachipangizo koikidwa pamwamba pa mlongoti, osati ndi nsalu yoyanika pachingwe. Liwiro lake likatsika ndi theka, magetsi amatsika kasanu ndi katatu. Pamtunda poyera ndiye pabwino. Pakati pa mitengo ndi nyumba mphepo imangozungulira n'kumaononga makina. N'chifukwa chake kwa midzi yambiri ine ndimati dzuwa liyambe, monga zinakhalira ku Nanjoka ku Salima, kumene kuli siteshoni ya mamegawati 60, ndi ku Golomoti ya 20.

Malo mukawapeza, khalani pansi ndi eni munda pamaso pa amfumu, mulembe mgwirizano, malire aikidwe anthu akuona. Za chilolezo chogulitsa magetsi kafunseni ku MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta, musanagule chipangizo chilichonse.