Mmene mungadziwire tchalitchi cha Romanesque pongochiona pa chithunzi

Sabata yatha ndili mu minibasi kuchokera ku Area 25, mnyamata wina pafupi nane amaona zithunzi za matchalitchi akale a ku Ulaya pa foni, kenako akundifunsa kuti achimwene, kodi anthu amadziwa bwanji kuti ichi ndi cha nthawi yakuti poti zonse ndi miyala yokhayokha? Ndinatsikira pa Area 18 ndisanamalize kumuyankha, ndiye ndati ndilembe pano.

Yambani ndi pamwamba pa khomo ndi mawindo. Ngati papindika mozungulira bwinobwino ngati theka la tayala la njinga, muli pafupi ndithu. Kamangidwe kameneka anakatengera kwa Aroma akale, nchifukwa chake dzina lake ndi Romanesque, ndipo kanafala kwambiri ku Ulaya cha m'ma 1000 mpaka cha m'ma 1200. Koma mukaona pamwamba pasongoka ngati nsonga ya mkondo, icho ndi Gothic, chinabwera pambuyo pake, chiyambi chake anthu amachiloza ku tchalitchi cha Saint-Denis pafupi ndi Paris cha m'ma 1140.

Kenako onani khoma, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Matchalitchi ambiri oyambirira anali ndi denga la matabwa, ndiye moto ukangobuka basi zonse phulusa. Amisiri anayamba kufolera ndi miyala, denga lopindika ngati dilamu lomwe mwalidula pakati m'litali mwake kenako mwalivundikira. Vuto lake ndi loti denga lotere silimangolemera kupita pansi ayi, limakankhanso makoma kuti afutukuke kunja. Amene munaonapo bilida akupanga khomo lopindika la njerwa pakhonde mukudziwa, amaika kaye thabwa lokhotakhota pansi, kuyala njerwa mbali zonse ziwiri mpaka ya pakati yeniyeni ija ilowe ndi kutsekera zinzake, akachotsa thabwalo zonse zimaima zokha koma zipilala zam'mbali zikakhala zowonda mng'alu umayamba pompo. Ndiye ganizirani denga lonse la miyala. Nchifukwa chake makoma ake ndi ochindikala kwambiri, zipilala zamkati zonenepa ngati thunthu la mlambe, mawindo ang'onoang'ono chifukwa ukaboola khoma kwambiri lifooka. Mkati mumakhala mdima pang'ono ngakhale masana, ine ndimakonda mdima umenewu, munthu ukangoona chithunzi chokha umamva kuti muno ndi mopempherera. Pitani pa intaneti mufufuze tchalitchi cha Speyer ku Germany, anayamba kuchimanga cha m'ma 1030, muona zomwe ndikunenazi.

Pulani yake mukaiona kuchokera kumwamba nthawi zambiri ndi mtanda, guwa limakhala chakum'mawa ndipo kumapeto kwakeko khoma limazungulira. M'matchalitchi a panjira ya anthu opita ku tchalitchi cha Santiago de Compostela ku Spain, chomwe chinayamba kumangidwa mu 1075, anaikanso kanjira kozungulira kuseri kwa guwa kuti alendo aziyenda osasokoneza Misa. Cha Saint-Sernin ku Toulouse ku France chili choncho, ndipo mbali yaikulu ndi njerwa zofiira, zimandikumbutsa njerwa zathu zootcha zija.

Osaiwala pamwamba pa khomo lalikulu. Pamenepo ankasema miyala, Yesu ali pakati, anthu akuweruzidwa, ku Autun ku France mpaka pali sikelo yoyezera mizimu, mngelo mbali ino chiwanda mbali inayo chikufuna kubera sikelo. Anthu ambiri nthawi imeneyo sankatha kuwerenga, ndiye ulaliki unkayambira pakhomo.

Pali malo awiri pomwe mungasokonezeke. Za m'mbuyo Romanesque isanafike nazonso zili ndi makomo ozungulira, monga tchalitchi cha mfumu Charlemagne ku Aachen ku Germany cha m'ma 800, koma chija pakati pake pali mbali 8, si mtanda wautali ayi. Kwina ndi tchalitchi cha Durham ku England, anayamba mu 1093, zipilala ndi zonenepa za Romanesque ndithu koma kudenga kuli timizere ta miyala topingasana ngati nthiti, zomwe zinadzakhala chizindikiro cha Gothic. Musamangodalira chinthu chimodzi, onani khomo, khoma ndi windo pamodzi.

Kuno kwathu tilibe tchalitchi cha zaka zimenezo, koma maso mutha kuwaphunzitsira konkuno. Mukapita ku Blantyre kaimeni pa St Michael and All Angels, chomwe mmishonale David Clement Scott ndi amisiri akuno anamanga ndi njerwa kuyambira 1888 mpaka 1891, kamangidwe kake ndi kosakaniza koma muona mmene njerwa zimagwirirana pamalo opindika. Lowani pakhomo, tambasulani dzanja muyeze kuchindikala kwa khoma, kenako mukafika kunyumba muyerekeze ndi zithunzi za Speyer zija.