Kapezedwe ka Mtundu wa Kuwala Kochokera mu Atomu ya Haidrojeni

Atomu ya haidrojeni ili ndi elekitironi imodzi yokha, ndipo monga anafotokozera Niels Bohr mu 1913, elekitironiyo imakhala pa milingo yokhazikika ya mphamvu, imene timaiwerenga ndi nambala n kuyambira pa 1. Ikatsika kuchoka pa mlingo wapamwamba, mphamvu imene yataya imatuluka ngati kuwala.

Yambani ndi kupeza mphamvu ya milingo iwiriyo pogawa −13.6 eV ndi n yochulukitsidwa ndi n yomweyo (eV, kapena kuti elekitironivoti, ndi muyeso wa mphamvu zochepa kwambiri). Tiyerekeze kuti elekitironi yatsika kuchoka pa mlingo 3 kufika pa mlingo 2: mlingo 3 ukupatsani −1.51 eV, pamene mlingo 2 ukupatsani −3.40 eV. Apa musafulumire, chifukwa chizindikiro chochotsera chimasokoneza ophunzira ambiri. Chimangosonyeza kuti elekitironi ndi yomangika ku phata la atomu, ndipo chimene mukufuna ndi kusiyana kwa manambala awiriwo, komwe ndi 1.89 eV.

Kenaka gawani 1240, nambala yokhazikika yosinthira mphamvu kukhala kutalika kwa funde, ndi 1.89, ndipo mupeza kuti funde la kuwalako ndi lotalika 656 nm (nm, kapena kuti nanomita, ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita). Kumeneku ndi kuwala kofiira, mzere umodzi mwa mizere ya kuwala kwa haidrojeni imene Johann Balmer anaipezera lamulo la masamu mu 1885.

Yesaninso kuchoka pa mlingo 4 kufika pa 2, mupeza 2.55 eV ndi 486 nm, kuwala kobiriwira mopita ku buluu. Koma elekitironi ikatsikira pa mlingo 1, kuwala kwake ndi kwa ultraviolet, kumene maso athu sangakuone.