Momwe mungagwirire ntchito panja mu Juni ndi Julayi osagonja ndi chisanu

Kukazizira, amwayi amadzikulunga m'bulangete mpaka dzuwa litakwera. Mlonda wa pageti alibe mwayi umenewo. Wakabaza amene amayamba kusaka makasitomala 5 koloko m'mawa, mayi wothyola tiyi ku Thyolo, wogulitsa mandasi pa depoti, msodzi amene wachezera panyanja mwera ukuomba, onsewa chisanu chimawapeza ali pantchito.

Musanathamangire kukagula chijekete chachikulu, gwirani mfundo iyi: chovala sichitenthetsa munthu. Chimene chimatentha ndi thupi lanu, lomwe limakhala pa madigiri 37, ndipo ntchito ya chovala ndi kutsekereza kutenthako kuti kusathawe. Zobera kutenthako zikuluzikulu zilipo zitatu: mphepo, chinyezi, ndi chinthu chozizira chimene mwakhalira kapena kupondapo. Zambiri zili m'munsimu ndi njira zotsekera makomo atatu amenewa.

1. Dziwani mtundu wa chisanu chimene mukukakumana nacho

Chisanu cha ku Dedza si cha ku Mulanje. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo kumeneko, monganso ku Mzuzu ndi ku Chikangawa, kuzizira kumaluma kwambiri usiku umene kumwamba kwayera, nyenyezi zikuoneka zonse. Mitambo ikakhalapo imabweza kutentha kwa nthaka. Ikachoka, kutentha konse kumathawira m'mwamba. Ku Nyika mame amachita kuundana pa udzu. Ngakhale mu Lilongwe, m'bandakucha wa mu Julayi madigiri amatha kutsika pansi pa 10. Nthawi yozizira kwambiri si pakati pa usiku ayi, koma dzuwa likatsala pang'ono kutuluka, pomwe mlonda watopa ndipo tiyi wa m'fulasiki watha.

Kummwera kuli chiperoni, mphepo yachinyezi yochokera chakunyanja ya mchere kudzera ku Mozambique, imene imabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza ku Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Zomba, nthawi zina kwa masiku angapo osaona dzuwa. Chisanu ichi n'chonyenga. Madigiri satsika kwenikweni, koma zovala zimanyowa pang'onopang'ono inu osadziwa. Muzimvetsera uthenga wa azanyengo pa wailesi madzulo, chifukwa amachenjeza za chiperoni ndi mwera zisanafike.

2. Valani zosanjikiza, osati chimodzi chokhuthala

Nyumba ya udzu imafunda kuposa ya malata chifukwa pakati pa udzu pamakhala mpweya wosayenda. Zovala n'chimodzimodzi: zitatu zopyapyala zimasunga mpweya wambiri kuposa chimodzi cholemera, komanso mutha kuvula chimodzi kukatentha.

Chapakhungu chikhale chogwira thupi ndiponso chouma msanga. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, chifukwa amayamba ndi tisheti yathonje. Thonje limamwa thukuta n'kulisunga, ndipo madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya kambirimbiri, mwina ka 25. Jezi ya mpira, ija yoterera ya poliyesita, imagwira bwino ntchito imeneyi kuposa tisheti yodula ya thonje. Ikhale ya Bullets kapena ya Manoma, chisanu sichisankha timu.

Chapakati ndicho chofunditsa: juzi yaubweya kapena ija yofewa ya fleece. Mukapita pa kaunjika kapena m'sitolo za DAPP, musangoyang'ana maonekedwe. Tembenuzani chovalacho muwerenge kansalu kam'kati. Pakalembedwa wool, fleece, polyester kapena acrylic, tengani. Pakalembedwa 100% cotton, chimenecho n'cha kutchalitchi. Ubweya uli ndi ubwino woti umafundabe ngakhale utanyowa pang'ono. Ndipo majuzi gulani mu Malichi kapena Epulo, mavenda asanazindikire kuti aliyense akuwafuna.

Chapamwamba ntchito yake ndi kutchinga mphepo ndi mvula. Sichiyenera kukhala chokhuthala. Renikoti kapena jekete yopyapyala yanayiloni ikukwana, bola zipi ikhale yamoyo ndipo m'manja ndi m'chiuno mukhale mothina kuti mphepo isalowe. Yesani kupemerera pansaluyo: mpweya ukadutsa mosavuta, mphepo nayo idutsa.

Miyendo musaiiwale. Anthu amasanjikiza majuzi atatu kumtunda, kumunsi ali ndi jinzi imodzi yokha, pomwe jinzi ndi thonje lenileni. Valani thirauzi yopyapyala yamasewera m'kati mwa ovololo kapena yunifolomu. Amayi, taiti m'kati mwa siketi, kenako chitenje pamwamba. Zonsezi zisathine, chifukwa chothina chimafinya mpweya uja ndi kutsekereza magazi.

3. Vulani musanatuluke thukuta

Izi zimamveka zachilendo koma ndiye pagona nkhani. Wakabaza yapalasa amanyamuka kunyumba atavala zonse, akwera chitunda ndi kasitomala, thukuta lili kamukamu kumsana. Akafika pa siteji n'kuima kudikira wina, thukuta lija limazizira, ndipo pakatha mphindi khumi akunjenjemera kuposa mnzake amene anavala zochepa. Wonyamula matumba, woumba njerwa, wothirira kudimba, onse zimawachitikira.

Choncho ntchito yolemetsa iyambeni mukumva kazizizi pang'ono. Tsegulani zipi, vulani juzi, muimange m'chiuno. Mukangoima kupuma, valaninso nthawi yomweyo musanayambe kumva kuzizira. M'chikwama muzikhala malaya am'kati ena ouma ndi masokosi ena, zokulunga mu jumbo. Kusintha chapakhungu chonyowa kumatenga mphindi imodzi, koma kumaposa kuonjezera jekete pamwamba pa zonyowa.

Kwa wanjinga yamoto vuto ndi lina. Iye satuluka thukuta, koma amadzipangira yekha mphepo. Kunja kukakhala madigiri 10, inu n'kumathamanga makilomita 50 pa ola, khungu limamva ngati kuli madigiri 5 kapena 6. Tsekani pachifuwa: nyuzipepala zingapo kapena chidutswa cha katoni m'kati mwa jekete zimatchinga mphepo modabwitsa. Sikafu ilowe m'kati mwa jekete, isamalendewere kuti ingakodwe mu tayala kapena mu tcheni. Chisoti chaubweya si helemeti. Valani chopyapyala m'kati, helemeti pamwamba, ndipo lamba wake amangike.

4. Mutu, manja ndi mapazi

Thupi likazizidwa limachepetsa magazi opita kuzala kuti liteteze mtima ndi mapapo. Ndiye ngati zala zachita dzanzi, yambani mwafunditsa chifuwa, khosi ndi mutu. Chisoti chizifika m'makutu. Amayi, duku lopyapyala silikwana. Onjezani chisoti kapena mpango wokhuthala.

Magolovesi a wanjinga akhale osalowa mphepo, chifukwa zala zadzanzi zimachedwa kugwira buleki. Wogulitsa malonda angathe kudula nsonga za magolovesi akale kuti aziwerenga ndalama bwinobwino. Wogwira m'madzi avale aubweya opyapyala m'kati mwa a labala.

Majombo a labala amatchinga madzi koma safunditsa n'komwe. Dulani katoni molingana ndi phazi muyale m'kati, ndipo muziisintha ikanyowa. Masokosi awiri ndi abwino pokhapokha nsapato ili ndi malo. Ngati zala sizikugwedezeka, vulani limodzi. Ena amavala majumbo kumapazi. Amathandiza podutsa m'mame kwa kanthawi, koma tsiku lonse phazi limasambira m'thukuta lake lomwe, n'kuyamba kunyeka m'mipata ya zala. Madzulo tsukani mapazi, pukutani, pakani Vaseline kapena gilisalini ku zidendene, m'manja ndi pamilomo ming'alu isanayambe.

5. Musakhalire simenti

Simenti, mwala ndi mpando wachitsulo zimayamwa kutentha usiku wonse, ngakhale mutavala bwanji. Yalani katoni yopinda kawiri kapena chiguduli pampando, ina pansi pa mapazi. Khalani kumbali ya khoma kumene mphepo sikuomba. M'miyezi ino nthawi zambiri imachokera chakummwera chakummawa. Pakatha theka la ola imirirani, zungulirani mpanda, gwedezani mikono. Minofu ikamagwira ntchito ndi pomwe thupi limapanga kutentha.

6. Idyani, imwani zotentha, kachasu ayi

Thupi silingatenthe lili ndi njala. Mwayi wake chisanu chimabwera mbatata, chinangwa ndi mtedza zili mbwee pamsika. Idyani musanapite, ndipo china musunge cha m'ma 3 koloko usiku. Fulasiki ya tiyi kapena phala ndi chida cha ntchito ngati tochi. Itsukuluzeni ndi madzi otentha musanathiremo tiyi kuti achedwe kuzizira. Madzi akumwa musawasiye poti simukumva ludzu.

Za kachasu tinene mosabisa. Amati amatenthetsa, ndipo n'zoona kuti munthu amamva kutentha. Chimachitika n'choti mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, magazi otentha amathamangira kunja, kutentha n'kumatayikira mumphepo pomwe m'kati mukuzizira. Pamwamba pa apo umagonetsa tulo, ndipo woledzera amene wagona panja mu Julayi sadziwa kuti akuzizidwa. Fodya naye amafinya mitsempha ya kuzala, n'kuonjeza dzanzi.

7. Mbaula: apa ndiye samalani kwambiri

Makala akamayaka amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, sutsamwitsa. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa oxygen koposa ka 200, moti magazi amangoyenda osanyamula mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, mseru, kufooka, kenako tulo tokoma. Ambiri sadzukanso.

Pali chikhulupiriro choti makala akafiira, utsi n'kutha, ndiye kuti mbaula yakhala bwino kulowa m'nyumba. Si zoona. Makala ofiira opanda utsi akutulutsabe mpweyawo mpaka atazimiratu. Kanyumba ka mlonda ndi kakang'ono, ndipo mukatseka chitseko n'kutchinga zenera ndi katoni kuti mufunde, kamadzadza msanga. Azibale athu amene ali ku Joni, kumene Juni amafika mpaka madzi kuundana, akudziwa za anthu opezeka atafa m'mashaki chifukwa cha mbaula, ena nyumba kupsa ndi mahita a palafini.

Mbaula ikhale panja kapena pakhonde pomwe mphepo ikudutsa. Musagone nayo, ngakhale mutati mungotsinzina pang'ono. Ngati mukufuna kutentha m'kanyumba, wiritsani madzi panja, thirani m'botolo lolimba lotsekeka bwino, kulungani ndi nsalu, muliike m'kati mwa jekete. Madziwo akhale otentha koma osati owira kumene. Njerwa youma yotenthetsa pambali pa moto n'kuikulunga m'chiguduli imafunditsa mapazi nthawi yaitali.

Kumbukiraninso kuti fleece ndi nayiloni zija tazitamanda zimasungunuka zikakhudza moto, n'kumatirira pakhungu. Othani muli patali, chitenje chisalendewere pa makala. Mnzanu amene ali ndi matenda akugwa asaothe yekha. Ndipo matayala ndi mapulasitiki si nkhuni. Utsi wake umawononga chifuwa.

8. Kambiranani ndi abwana

Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la mu 1997 limapereka kwa olemba ntchito udindo wosamala umoyo ndi chitetezo cha antchito awo. Kupempha jekete, renikoti, majombo kapena kukonzetsa zenera losweka la kanyumba si mwano. Pemphani mu Epulo, ndipo ngati muli angapo pitani limodzi. Inunso amene muli ndi mlonda pakhomo, fulasiki ya tiyi ndi bulangete sizingakugwetseni.

9. Mnzanu akapezeka atagonja

Kunjenjemera kokha si koopsa, ndi thupi likudzitenthetsa. Choopsa ndi pomwe munthu wayamba kulankhula ngati woledzera chikhalirecho sanamwe, zala zikukanika kumanga batani, akupunthwa, akusokonezeka, akungofuna kugona. Apo kutentha kwa m'thupi kwatsika pansi pa madigiri 35. Akasiya kunjenjemera koma ali wozizirabe, zafika poipa.

Mulowetseni pamalo opanda mphepo, mumunyamule mosamala. Muvuleni zonyowa, mufunditseni ndi zouma kuyambira pachifuwa, m'khosi ndi kumutu, ndipo pansi muyale chinthu. Ngati ali maso ndipo akumeza bwino, mupatseni tiyi wofunda wa shuga wambiri. Mowa ayi. Musamutikite manja ndi miyendo, musamukhazike pafupi ndi moto, musamuthire madzi otentha. Pezani galimoto apite kuchipatala.

Mukamupeza m'kanyumba muli mbaula, kapena anthu awiri atatu a chipinda chimodzi onse akudandaula mutu nthawi imodzi, ganizani za makala musanaganize za malungo. Tsegulani chitseko ndi mazenera, mutulutseni panja msanga inuyo osachedwamo. Ngati wakomoka koma akupuma, mugonekeni chammbali. Musamumwetse mkaka, suchotsa mpweyawu, ndipo munthu wokomoka atha kutsamwa nawo. Thamangirani naye kuchipatala ngakhale atatsitsimuka panjira, ndipo mukafika nenani msanga kwa adokotala kuti munali mbaula, kuti amuike pa oxygen nthawi yomweyo.