Ma rectangle ankandipatsa ansala yolakwika, ndinakonza chonchi

Ndinkafuna area ya pansi pa y = x² kuyambira 0 mpaka 2, ansala yeniyeni ndi 2.667 koma ine ndi ma rectangle 4 a 0.5 m'lifupi ndinkangopeza 1.75 ndikayeza kutalika kumanzere kwa rectangle aliyense. Nditayeza kutalika kumanja inalumpha mpaka 3.75, aaa. Kumanzere ndi ma rectangle 8 inangofika 2.19, kungotopa chabe.

Kani curve imeneyi ndi yokwera, ndiye ukayeza kumanzere rectangle amaperewera, kumanja amapitirira. Ndinangotenga kutalika pakatikati pa aliyense, pa 0.25, 0.75, 1.25 ndi 1.75, chilichonse kuchita square, kuphatikiza zinakwana 5.25, kenako kutaimusa ndi 0.5 (apa musaiwale, ine ndinaiwala poyamba). Inatuluka 2.625 ndi ma rectangle 4 omwewo, kakyuleta ya pafoni basi.