Purosesa yodula sifulumizitsa kubena chimbale

Obena zimbale (olemba deta pa CD kapena DVD) ambiri agwidwa ndi matenda amodzi. DVD ikachedwa kutuluka, kapena ikakana kuwerengeka, chala chikuloza purosesa, ubongo wa kompyuta. Uyu akuchotsa purosesa yotchipa ya Celeron n'kuika yodula ya Core i7, uyo akusiya kompyuta yabwinobwino n'kugula ya Ryzen, koma chobenera n'chomwechija, zimbale n'zomwezija. Akabena, mphindi zake n'zomwe ankadikira kale. Ndalama zapita, ndipo mulu wa zimbale zotayidwa ukukulirakulirabe, pajatu DVD-R ikalembedwa molakwika siibwereranso.

Tayang'anani manambala a liwiro, monga 16x, amene ali pa chobenera chanu ndi pa paketi ya zimbale. Pa DVD, 1x ndi mamegabayiti 1.385 pa sekondi, ndiye 16x ndi pafupifupi 22. Pa CD, 1x ndi makilobayiti 150 okha, moti 52x ija imene anthu amanyadira siifika ndi pa mamegabayiti 8 pomwe. Kanthu kotereka purosesa ya Pentium 4 yakalekale inkanyamula osatuluka thukuta. Pobena, purosesa imangotenga deta pa hadi disiki n'kuipatsira chobenera, basi. Tsegulani Task Manager, pulogalamu ya Windows yoonetsa mmene purosesa ikugwirira ntchito, chimbale chikubenedwa, muona purosesa ikungowodzera. Kukulitsa thanki mpopi uli womwewo sikudzaza ndowa msanga.

Chobenera nachonso chili ndi malire ake. Pa liwiro lalikulu chimbale chimazungulira pafupifupi ka 10,000 pa mphindi, ndipo kupitirira apo pulasitiki imayamba kunjenjemera, yokhala ndi mng'alu imatha kuphulikira mkati. Komanso 16x yolembedwayo imafikidwa kumapeto kokha, chifukwa kulemba kumayambira pakati pa chimbale, pamene mzere wake ndi waufupi, n'kumathamanga pang'onopang'ono chakunja. N'chifukwa chake DVD yodzaza ya 4.7 GB imadya mphindi ngati 6 pa 16x, kaya purosesa ndi yamtundu wanji.

Bambo wina wojambula mavidiyo a misonkhano anandiitana atakwiya zedi. "Alangizi, andipusitsa. Laputopu iyi ndi i7, koma chimbale chikungokwawa ngati kale." Nditayang'ana patebulo, chobenera chake chinali kaja kopyapyala kolumikiza pa USB, ndipo pansi pake panalembedwa 8x. Mafayilo ankawatenga pa fulashi yakale, yobayidwa pa habu (kachipangizo kochulukitsa mabowo a USB) imodzimodzi ndi chobeneracho, pamodzi ndi mbewa ndi foni imene inkatchajidwa. Ndinati, "Bambo, tabwezerani laputopu yakale ija tione." Chimbale chinatuluka pa nthawi yofanana. Anangogwira pakamwa. Kenako anayamba kundifotokozera za mlamu wawo amene anawalangiza, nkhani yaitali imene sindiilowa pano.

Koma bambowa sanataye zonse, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezera zinthu ziwiri. Vidiyo ya mu kamera siilowa pa DVD yoonera pa wailesi ya kanema mmene ilili, imayenera kusandutsidwa kaye kukhala MPEG-2, mtundu wa vidiyo umene makina oonera DVD amawerenga. Chimodzimodzi pofinya vidiyo ya pa chimbale cha 8.5 GB kuti ikwane pa cha 4.7 GB. Ntchito imeneyo ndi ya purosesa yeniyeni, ndipo ya makoo ambiri (timapurosesa tating'ono ta mkati mwake) imamaliza msanga koposa yofooka. Intel inaikanso Quick Sync m'mapurosesa ake kuyambira 2011, yothandiza kusandutsa mavidiyo m'mapulogalamu monga HandBrake. Vuto n'loti mapulogalamu ambiri amasandutsa ndi kubena pa batani limodzi, munthu n'kumaganiza kuti zonse ndi kubena. Ngati mukungokopera chimbale kupita pa chinzake, kapena kulemba fayilo ya ISO (fayilo imodzi yosunga chimbale chonse mmene chilili), gawo losandutsa palibe.

Zina zimene zimanditopetsa ndi miyambo ya m'ma 1990. Mpaka lero alipo otseka chilichonse, osakhudza ndi mbewa yomwe, ati chimbale chingapse. Kale zinali zoona, deta ikadukiza chobenera chinkawononga chimbale. Koma kampani ya Sanyo inatulutsa njira yoteteza chimbale yotchedwa BURN-Proof m'chaka cha 2000, ndipo zobenera za masiku ano zimaima n'kupitiriza pomwe zinalekezera. Anthu omwewa, osamala chonchi, ndi amene amasankha "maximum" pa zimbale zotchipa zopanda dzina, n'kumadabwa vidiyo ikamadumphadumpha chakumapeto. Pali malo amodzi pamene purosesa imaoneka yolakwa ili yosalakwa: pa makompyuta akale a zingwe za IDE, Windows XP inkagwetsera chobenera ku njira yochedwa yotumizira deta yotchedwa PIO ikakumana ndi zolakwika zingapo, purosesa n'kumasenza deta yonse yokha mpaka 100 peresenti. Mankhwala ake n'kubwezeretsa DMA, njira yachangu yosalemetsa purosesa, mu Device Manager ya Windows, osati kugula ina.

Zoti muchite n'zochepa. Koperani mafayilo pa hadi disiki kaye, musabene kuchokera pa fulashi. Chobenera cha USB chibayeni pa kompyuta penipeni, osati pa habu. Chimbale cha 16x chibeneni pa 8x, ndipo chongani "verify", yotsimikiza kuti chimbale chalembedwa bwino, mu pulogalamu yobenera monga ImgBurn kapena Nero. Ngati zimbale zili zambiri, sandutsani vidiyo kamodzi, pangani ISO, muzibena kuchokera pamenepo. Mukafunadi liwiro, gulani chobenera chachikulu cha SATA, choika mkati mwa kompyuta, kapena ziwiri zizigwira ntchito limodzi.