Mwagula nyumba yakale ku Area 25? Momwe mungaikonzere osaberedwa komanso osadana ndi aneba

Zomwe zikuchitika ku Area 25, ku Area 49 ndi ku Kawale mumzinda wa Lilongwe ndi zofanana. Poloti inali ndi nyumba yaikulu kutsogolo, tizipinda ta lendi kuseri, chimbudzi chokumba chimodzi ndi mpopi wapanja. Yagulidwa ndi munthu wa ntchito yabwino mtauni, kapena wotumiza ndalama kuchokera ku Joni. Pakangopita sabata zingapo tizipinda tija tagwetsedwa, mpanda wa mabuloko wakwera, geti yachitsulo yatsekedwa. Malandilodi oyandikana nawo akaona zimenezi amakweza lendi, ndipo amene zawakanika amasenza katundu ulendo wa ku Mgona, ku Senti kapena ku Mtandire.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe. Malo ku Area 10, Area 43 ndi Area 47 anasiya kalekale kugulika ndi malipiro a pamwezi, ndiye ndalama zatembenukira kumadera omwe boma linkagawa mapoloti kuti anthu azimanga okha pang'onopang'ono. Ngati ndinu mmodzi wa ogulawa, kapena mukufuna kukonza nyumba yomwe anakusiyirani makolo, dziwani kuti mukulowa pakati pa anthu omwe ali ndi chifukwa chokuyang'anani ndi diso lokayika. Mmene mungayendetsere ntchitoyi ndi mmenenso adzakulandirireni.

Mapepala kaye, simenti pambuyo

Fufuzani kuti malowo ali m'manja mwa ndani: khonsolo ya mzinda, Malawi Housing Corporation kapena unduna wa za malo. Mupite limodzi ndi wogulitsayo ku ofesi yoyenera, muone ndi maso anu dzina lomwe lili m'failo. Mufunsenso ngongole ya ground rent ndi city rates, komanso ngati akaunti za ESCOM ndi Lilongwe Water Board zili zoyera.

Apa pali msampha womwe wagwira ambiri. Nyumba zambiri za m'maderawa anamanga ndi anthu omwe anabwera likulu litasamuka kuchokera ku Zomba mu 1975. Eni ake ambiri anatisiya, ogulitsa ndi ana. Mwana mmodzi akhoza kukulandirani bwino, ndalama n'kulandira, kenako mchemwali wake wa ku Blantyre n'kutulukira ndi loya inu mutakhoma kale malata. Chuma cha masiye chili ndi lamulo lake la 2011, ndipo wogulitsa ayenera kuonetsa chikalata cha ku khoti chomupatsa mphamvu zoyendetsa chumacho. Ana onse ndi mayi wamasiye, ngati alipo, asaine. Ndalama zidzere ku banki, osati m'thumba la dobadoba.

Itanani wopima malo adzakuonetseni mabikoni aneba ali pomwepo. Malire a m'madera akalewa anayenda ndi mipanda ya udzu ndi mitengo ya mango, ndiye pomwe mukuti panu mwina ndi njira ya anthu yopita ku chigayo. Ngati mukuwonjezera chipinda kapena kusintha maonekedwe a nyumba, pulani ipite ku khonsolo ikavomerezedwe. Zimachedwa, inde, koma kugwetsa khoma lomanga kale kumapweteka kuposa kudikira.

Alendi omwe mwawapeza

Ambiri amapereka notisi ya mwezi umodzi basi, ena amafika pochotsa malata anthu ali momwemo kuti asamuke msanga. Musatero. Alembereni kalata, muwapatse miyezi itatu ngati n'kotheka, ndipo muone kuti tsiku losamuka lisagwere pakati pa teremu ya ana asukulu kapena pakati pa dzinja. Amene analipira pasadakhale abwezeredwe zawo.

Ichi ndi chifundo, komanso ndi nzeru. Anthuwa ali ndi abale, a tchalitchi ndi anzawo m'misewu yomweyo. Mbiri ya mmene munawatulutsira idzafika pamsika wa Nsungwi inu musanagule ndi thumba limodzi la simenti. Ganiziraninso ngati tizipinda tonse tiyenera kugwa. Kusiya chimodzi kapena ziwiri, kuzikonza, n'kusunga banja limodzi lodziwika bwino m'deralo, kumakupatsani munthu pamalopo usana ndi usiku, komanso kandalama kolipirira madzi.

Mukatero, kaonekereni. Pitani kwa a block leader kapena amfumu a deralo, odi, mudzitchule dzina ndi kwanu. Mugogodenso kwa aneba anayi: kumanja, kumanzere, kuseri ndi kutsidya la msewu. Mawu ake si ambiri: "Amayi, ndine amene ndagula apa. Tiyamba ntchito mwezi wamawa, kukhala fumbi ndi phokoso, mutikhululukire. Nambala yanga ndi iyi, mukaona chachilendo mundiimbire." Funsani za ndalama ya maliro ndi ya alonda a m'dera, mulembetse tsiku lomwelo.

Nyumba muione mvula ikugwa

Nyumba iliyonse imaoneka yabwino mu September. Mukafuna kuidziwa, pitani mu January mvula ili mkati. Onani komwe madzi a kumtunda akulowera, pomwe akudikha, ndi makoma omwe anyowa chapansi. Ngati poloti ili kufupi ndi dambo kapena mtsinje, funsani okalamba a pamenepo kuti madzi anafikapo pati. Anthu a ku Mtandire sanaiwale zomwe mtsinje wa Lingadzi unachita mu February 2017.

Ndalama ziyende motere: denga, ngalande, maziko, waya wa magetsi, mapaipi, kenako zokongoletsa. Ambiri amayambira kumapeto. Amaika matailosi ndi siling'i pansi pa malata odontha, mvula yoyamba siling'i yatupa.

Kwerani kudenga ndi kalipentala, mubaye matabwa ndi msomali. Akalowa mosavuta, chiswe chinadya kale mkati. Matabwa atsopano apakidwe mankhwala asanakwere. Nyumba zina zakale zili ndi denga la asbestos. Limeneli musalicheke, musaliswe, fumbi lake limawononga mapapo. Alinyowetse, alitsitse lathunthu atavala zotseka pamphuno.

Mng'alu wopyapyala wa pulasitala si nkhani. Woopsa ndi wotsika mopendekera kuchokera pakona ya windo kapena chitseko, woti mpeni ukulowa. Umenewo ukunena za maziko, ndipo kuumata ndi simenti ndi kudzinamiza. Makoma ambiri akale anamangidwa ndi dothi pakati pa njerwa, alibe bimu pamwamba, ndiye musayerekeze kuikapo silabu kapena thanki ya madzi injiniya asanaone. Waya wakale achotsedwe yense, ndipo wogwira ntchitoyo akhale ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta.

Nthawi yomanga ndi yomwe mudzaberedwe kwambiri

Anthu amaopa zigawenga za zikwanje usiku, koma katundu wambiri amatuluka masana pa wilibala kapena pa kabaza. Thumba la simenti limodzi lero, malita a penti mawa, waya wa kopa mkuja. Mipopi ya mkuwa, mita ya madzi ndi zitsulo zimathera kwa ogula zitsulo zakale.

Pali vuto apa. Kugula zambiri nthawi imodzi ndi kuitana akuba, koma kugula pang'onopang'ono mitengo ikukuthawani. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene anali pakati pomanga akukumbukira mmene simenti ndi malata zinadumphira. Njira yapakati ndi kulipira ku shopu yokhazikika, kutenga lisiti yolemba chiwerengero cha katundu, n'kumakatenga wa sabata imodzi imodzi. Zimenezi muchite ndi shopu yomwe yakhalapo zaka, osati kontena yomwe yatsegulidwa dzana.

Chipinda chimodzi chikonzedwe choyamba, chitseko chachitsulo, chikhale sitolo. Simenti ikhale pamatabwa, isagunde khoma. Kiyi akhale ndi munthu mmodzi, ndipo pakhale kope lolemba cholowa ndi chotuluka. Matumba opanda kanthu asatayidwe: madzulo muwerenge, muyerekeze ndi khoma lomwe lakwera. Bilidala akadziwa kuti mumawerenga matumba, simenti imayamba kukwanira modabwitsa.

Mgwirizano ndi bilidala ulembedwe, malipiro azipita ndi gawo lomwe latha, osati masiku. Mukamupatsa theka la ndalama poyamba, mudzamupeza akumanga kwa munthu wina ku Area 49, foni yozima. Aganyu osakaniza matope, otunga madzi ndi amayi ophika nsima atengedwe m'dera momwemo kudzera kwa a block leader. Munthu amene akudya pamalopo ndipo kwawo kukudziwika saba mwachisawawa, ndipo akaona wakuba amamudziwa dzina. Zodula monga mipopi, masoketi, giza ndi mabatire a sola ziikidwe komaliza, pamene wogona m'nyumbamo alipo.

Mchenga ndi kwale musathire pamsewu kapena m'ngalande. Mvula ikabwera madzi adzalowa m'nyumba ya neba, ndipo mkangano umenewo sudzatha ndi pepani.

Za mpanda

Pano ndinene maganizo anga mosabisa. Mpanda wautali kwambiri, wotseka mbali zonse, umathandiza wakuba akangolowa. Amathyola chitseko mosatekeseka chifukwa palibe akumuona, ndipo mukakuwa aneba amangomva mawu osadziwa polowera. Mpanda wa msinkhu woposa munthu pang'ono kumbali ndi kuseri ukwanira. Kutsogolo, mabuloko afike m'chiuno kapena pachifuwa, pamwamba pakhale zitsulo zoti wodutsa aziona khonde lanu. Geti nayonso ikhale ndi kampata kosuzumira musanatsegule.

Mpanda umagwa mu February chifukwa cha zinthu ziwiri: maziko osazama ndi madzi osowa kotulukira. Mizati ikhale pafupifupi mamita atatu aliwonse, yokhala ndi zitsulo mkati, ndipo chapansi musiye mabowo otulutsa madzi molunjika ku ngalande ya msewu. Khoma latsopano lithiridwe madzi kwa sabata yathunthu. Mabuloko a simenti ndi omwe afala tsopano, makamaka kuyambira 2018 pamene malamulo analetsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi za malonda. Koma buloko lofumbutuka ndi chala likutanthauza kuti woumba anaumira simenti. Ligwetseni pansi musanagule lole yonse.

Ngati anthu akhala akudutsa m'mbali mwa polotiyo popita kumadzi kapena kusukulu, kambiranani musanatseke. Kusiya kanjira kopyapyala kumakudyerani malo ochepa. Kutseka mwankhanza kumabweretsa bowo pampanda mwezi uliwonse.

Zitseko, mawindo ndi kuwala

Akuba ambiri amalowera kukhitchini, chifukwa mwini nyumba anaika chitseko chodula kutsogolo, kuseri n'kusiya cha matabwa opepuka. Felemu ikhale yachitsulo yomangidwira m'khoma, mahinjesi akhale mkati, ndipo kuwonjezera pa loko pakhale mpiringidzo. Zitsulo za m'mawindo ziwotcheredwe ku felemu, osati zomanga ndi masikuluu akunja. Windo la kubafa musaliiwale, ndi pomwe amalowetsera mwana wamng'ono kuti akatsegule chitseko.

Koma musadzitsekere m'ndende. Moto wa kandulo, mbaula kapena waya wolakwika ukabuka usiku, nyumba ya zitsulo paliponse imapha eni ake. Kuchipinda chogona kukhale windo limodzi la zitsulo zotseguka, kiyi wake apachikidwe pomwe aliyense wa m'nyumba akudziwa.

Nyali zakunja zikhale za sola, chifukwa usiku womwe magetsi azima ndi womwe akuba amayenda. Imodzi iwalire msewu, osati bwalo lanu lokha. Amayi obwera mochedwa kuchokera kumsika adzaidziwa nyali imeneyo, ndipo pakhomo powala anthu amadutsapo ambiri.

Alonda a m'dera ndi apolisi

Lipirani ndalama ya neighbourhood watch mwezi uliwonse ngakhale muli ndi mlonda wanu, ndipo pamisonkhano muzipita nokha, osatuma wantchito. Lowani pagulu la WhatsApp la msewu wanu, mugulenso wenzulo. Sungani nambala ya apolisi oyandikira. A ku Area 25 amadalira polisi ya Kanengo. Manambala a TV, foni, laputopu ndi inveta alembedwe m'kope, malisiti asungidwe, chifukwa apolisi akagwira katundu amafuna umboni woti ndi wanu.

Pamagulu a WhatsApp amenewa pamabuka khalidwe loipa: kujambula mnyamata aliyense wosavala bwino n'kulemba kuti "wokayikitsa". Mnyamatayo mwina anabadwira mumsewu womwewo inu musanadziwe kuti kuli Area 25. Funsani neba wakale kaye kuti ndi mwana wa ndani. Ndipo wakuba akagwidwa apite kupolisi. Kumenya kapena kuotcha munthu ndi mlandu, ndipo pomanga anthu apolisi amayambira kwa mwini nyumba yomwe kunachitikira.

Ntchito ikatha

Sinthani maloko onse, a geti omwe, tsiku lomwe amisiri achoka. Makiyi adutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo kudulitsa wina pamsika ndi nkhani ya mphindi zochepa. Zinyalala za zomanga zichoke pamsewu, maenje omwe malole anakumba akwiriridwe. Matabwa, malata ndi mafelemu akale omwe simuwafuna, funsani aneba kaye musanaitane ogula.

Maina pa akaunti za ESCOM, Lilongwe Water Board ndi khonsolo asinthidwe akhale anu. Makatoni a TV ndi filiji musawaunjike pageti. Ang'ambeni, atuluke ndi zinyalala zina. Katundu wodula alowe pang'onopang'ono, masana, inu mutayamba kale kugona m'nyumbamo.